Makiyi a kaundula wa odwala akhale m'manja mwa Boma

Tsiku la 20 la mwezi likakwana, m'zipatala zing'onozing'ono za ku Dómuè, ku Tsangano, ku Furancungo ndi ku Zóbuè namwino saweruka msanga. Odwala akatha, iye amakhala pansi ndi mabuku ake akuluakulu aja nayamba kuwerenga: ana angati abaidwa katemera, amai angati achira, anthu angati apezeka ndi malungo, angati abwera kudzatenga ma ARV ndipo angati sanaoneke. Manambalawo amawalemba pa pepala, pepalalo limapita ku likulu la distritu pa njinga yamoto kapena pa ambulansi, ndipo kumeneko wina amawalowetsa m'kompyuta. Akangolowa, akuluakulu a zaumoyo ku Tete ndi ku Maputo amawaona.

Munthu amene waima pa bicha kuyambira mbandakucha atha kunena kuti zimenezi ndi za m'maofesi, iye sizimkhudza. Zimamkhudza ndithu. Makatoni a Coartem amene adzafike pa chipatala chake mwezi wa mawa, katemera wa ana, tizipangizo toyezera malungo, zonsezi zimagawidwa poyang'ana manambala omwewo. Manambala akachedwa kapena akalakwika, mankhwala amafika ochepa, ndipo amai amene ayenda mtunda wautali ndi mwana wotentha thupi kumbuyo amauzidwa kuti atha, akagule ku sitolo. Tsono funso lakuti makina osunga manambalawa ndi a yani, amalipira anthu owagwiritsa nchito ndani, ndipo makiyi ake amasunga ndani, ndi funso la kumudzi.

Funsoli lidaonekera poyera mu Januwale 2025. Pa 20 mwezi umenewo Pulezidenti Donald Trump wa ku America adasaina lamulo loimitsa kaye, kwa masiku 90, thandizo limene dziko lake limapereka ku maiko ena. Patangopita masiku ochepa mabungwe olandira ndalamazo adauzidwa kuti aleke nchito pomwepo. Pambuyo pake kudabwera chilolezo chakuti mankhwala opulumutsa moyo apitirire, koma zinthu sizidabwerere mwakale, ndipo pofika pa 1 Julaye 2025 bungwe la USAID lidatsekedwa. M'zipatala za dziko lino anthu ambiri adaona kwa nthawi yoyamba chinthu chimene chidali chobisika. Namwino wa Boma adali pa nchito yake monga mwa masiku onse. Koma mnyamata uja wokhala pa kompyuta, amene kuchipatala amamutchula kuti digitador, ndi amai aja opereka uphungu, ndi ma activista oyenda m'midzi kukafuna odwala amene asiya mankhwala, ambiri a iwo sadali anchito a Boma. Malipiro awo ankachokera ku mabungwe, ndipo mabungwewo ankadya ndalama za kunja. Ndalama zitaima, nchito yawo idagwedezeka, m'malo ena idaimiratu.

Dziko lino lili ndi anthu oposa 2 miliyoni amene akumwa ma ARV. Kafukufuku wa INSIDA wa mu 2021 adapeza kuti mwa akulu 100 ali onse, pafupifupi 12 kapena 13 ali ndi kachilombo ka HIV. Munthu aliyense wa pa mankhwala ali ndi mbiri yake: adayamba liti, akumwa mtundu uti, magazi ake adayezedwa liti, tsiku lake lobwereranso ndi liti. M'zipatala zikuluzikulu mbiri imeneyi imalowetsedwa m'makina otchedwa SESP. Wolowetsayo akakhala kunyumba milungu itatu, mafaelo amaunjikana pa tebulo, ndipo palibe amene angadziwe msanga kuti uje sadabwere mwezi uno, apite wina akamuone. Kachilombo sikadikira kuti maiko agwirizane.

Nanga zidafika bwanji pamenepa? Akuluakulu a m'malire akukumbukira. Pa 24 Julaye 1975, patangotha mwezi umodzi ufulu utabwera, Boma la Samora Machel, amene iye mwini adali namwino asadapite ku nkhondo, lidatenga zipatala zonse kuti zikhale za anthu. Mfundo yake idali yakuti umoyo wa mzika ndi udindo wa Boma, si malonda. Kenaka idabwera nkhondo ya zaka 16 imene idaotcha zipatala zambirimbiri za m'midzi. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ena ku Dedza, ena ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Nsanje. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, iwo adabwerera napeza mabwinja. Boma lidalibe ndalama, ndiye amene adamanganso zipatala zambiri adali abwenzi a kunja. Edzi itakula, pulogalamu ya PEPFAR imene America idakhazikitsa mu 2003 idabwera ndi mankhwala, galimoto, makina oyezera magazi, ndi makompyuta omwe.

Kunyoza thandizo limeneli kungakhale kusayamika. Alipo anthu ambiri ku Angónia ndi ku Macanga amene lero akulima mbatatesi ndi fodya, akutumiza ana kusukulu, amene akadaikidwa m'manda kalekale pakadapanda ma ARV. Akale adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma adatinso mlendo ndi mame.

Makina amene amalandira manambala a mwezi ndi mwezi aja amatchedwa SIS-MA. Adalowa m'malo mwa akale otchedwa Módulo Básico, ndipo kuyambira cha mu 2016 akugwira nchito m'dziko lonse. Maziko ake ndi pulogalamu ya DHIS2 imene imasamalidwa ndi Yunivesite ya Oslo ku Norway, imene maiko oposa 70 akuigwiritsa nchito, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Ubwino wa pulogalamu imeneyi ndi wakuti siigulidwa, ndipo m'kati mwake simobisika: katswiri aliyense atha kuitsekula, kuiphunzira ndi kuikonza. Poisula kuti igwirizane ndi zipatala za dziko lino, Unduna wa Zaumoyo udagwira nchito ndi akatswiri a pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane, bungwe la Jembi la ku South Africa, ndi kampani ya ku Portugal yotchedwa Critical Software, pa ndalama zochokera ku America. Palinso SIGLUS, ya pa tabuleti, yowerengera mankhwala amene atsala m'nkhokwe ya chipatala. Palinso upSCALE, ya pa foni, imene ma APE a m'zigawo zingapo adapatsidwa kuti iziwathandiza poona ana odwala m'midzi. Iyi idabwera ndi bungwe la Malaria Consortium ndi UNICEF. Aliyense wa makinawa ali ndi bambo wake wom'bereka ndi wom'dyetsa wake, ndipo kawirikawiri onse awiri ndi a kutali.

Kodi kulemba ganyu kampani kapena bungwe kuti lipange makina otere ndi kulakwa? Iai. Boma silipanga ambulansi, limagula. Silisula singano zobaira, limaitanitsa. Munthu amene akufuna nyumba ya njerwa zootcha amaitana mmisiri, ngakhale wochokera kutsidya la malire, ndipo palibe amene amamseka. Chimene chingaseketse mudzi wonse ndi chakuti nyumba itatha, mmisiri apite ndi makiyi kwawo, mwini nyumba azichita kum'tumira uthenga akafuna kulowa kuchipinda. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kumanga, Boma litha kupatsa wina. Koma kukhala mwini wake wa kaundula, kusunga mau achinsinsi otsekulira makina, kudziwa kukonza akaonongeka, ndi kulipira munthu amene amalemba tsiku ndi tsiku, zimenezi sizipatsidwa kwa wa ganyu.

Dziko lino lidalawa kale kuwawa kwake, ngakhale sikudali kuchipatala. Pa 16 Novembala 2018 makina otulutsira ndalama a mabanki ambiri, amene amalumikizidwa ndi SIMO, adazima m'dziko lonse. Makadi adaleka kugwira nchito m'masitolo ndi pothira mafuta. Aphunzitsi ndi anamwino amene malipiro awo amadzera ku banki adangoima panja kuyang'ana makina. Chidachitika n'chiyani? Pulogalamu yoyendetsa makinawo idali ya kampani ya ku Portugal yotchedwa Bizfirst, ndipo pakati pa kampaniyo ndi eni SIMO padabuka mkangano wa chilolezo ndi malipiro. Zidatenga pafupifupi masiku asanu kuti makina ayambenso. Ndalama zidali za anthu a dziko lino, mabanki adali m'dziko lino, koma chozimitsira chidali ku Ulaya. Munthu atha kupirira masiku asanu osatapa ndalama, akongola ufa kwa mnansi. Chipatala chimene sichidziwa kwa masiku asanu kuti ndani akumwa mankhwala ati, sichingakongole mbiri ya odwala kwa wina.

Kutsidya kwa malire nakonso zidachitika. Kumayambiriro kwa 2024 Malawi idakhala milungu ingapo osasindikiza mapasipoti, ndipo Lazarus Chakwera, amene adali Pulezidenti pa nthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti akuba a pa kompyuta alanda makinawo ndipo akufuna dipo. Makinawo adali atakhazikitsidwa ndi kampani ya ganyu imene Boma lidathetsa nayo pangano mu 2021. Amene ali ndi abale ku Lilongwe kapena ku Blantyre adamva madandaulo a anthu amene maulendo awo a ku Joni adaima.

Wina asaganize kuti limeneli ndi vuto la amphawi okha. Mu 2002 Boma la Britain, pansi pa Tony Blair, lidayamba nchito yaikulu yoika mbiri ya odwala a ku England m'makina olumikizana, ndipo lidagawa nchitoyo kwa makampani akuluakulu ochepa. Madotolo ndi anamwino, amene ndiwo adayenera kugwiritsa nchito makinawo, sadafunsidwe mokwanira. Makampani ena adachoka nchito ili pakati, zaka zidapita, ndipo mu 2011 Boma lidalengeza kuti likuiphwasula. Mtengo wake udawerengedwa kuti udayandikira mapaundi 10 biliyoni. Dziko la ndalama ndi maloya ochuluka chotero lidalephera kugwira makampani pa dzanja, chifukwa mu Unduna mudalibe anthu okwanira odziwa chimene akugula. Wosadziwa ng'ombe akapita yekha pa msika wa ku Lizulu amabwerako ndi yokalamba.

Ndiye chofunika choyamba si makompyuta atsopano ai, koma anthu. Unduna wa Zaumoyo, umene kuyambira mu Januwale 2025 uli m'manja mwa Nduna Ussene Isse, uyenera kukhala ndi akatswiri ake a makina, olembedwa ndi Boma, olipidwa ndi Boma, osati ku Maputo kokha komanso ku Tete, ku Lichinga, ku Quelimane ndi m'madistritu. Vuto lodziwika ndi lakuti mnyamata akaphunzira bwino nchitoyi, bungwe limam'tenga pom'lonjeza malipiro oposa a Boma, kenaka bungwe lomwelo limam'bwereketsa ku Boma ngati mlangizi. Boma likafuna kuti asathawe, liyenera kum'lipira molingana ndi nzeru zake. Ndipo digitador wa pa chipatala cha distritu alowe m'kaundula wa anchito a Boma monga alili namwino ndi wa ku laboratori, poti nchito yake ndi ya tsiku ndi tsiku, si ya pulojekiti ya zaka zitatu. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kuti adzapatula 15 peresenti ya bajeti kuti ipite ku zaumoyo. Zaka zambiri zapitazi bajeti ya dziko lino yakhala ikuperewera pa muyeso umenewo. Aphungu a ku Assembleia da República ochokera ku Tete, ku Niassa ndi ku Zambézia akamakambirana bajeti, afunse kuti mzere wa malipiro a anthu amenewa uli pa tsamba liti.

Pangano lililonse limene Boma lisaina ndi kampani kapena bungwe pa za makina a zaumoyo linene momveka kuti manambala ndi maina onse ndi a Boma, asungidwa m'dziko muno, ndipo tsiku limene pangano lidzathe wa ganyuyo adzasiya zonse zili zotsekuka, atatha kuphunzitsa om'lowa m'malo. Boma lili ndi nyumba yake yosungira zinthu za pa kompyuta ku Maluana, m'chigawo cha Maputo. Ndipo mapanganowo asakhale achinsinsi. Ndalama zikakhala za anthu, kapena zoperekedwa m'dzina la anthu, mtolankhani ndi phungu ali ndi ufulu wowerenga chimene chidasainidwa.

Chinsinsi chimene chiyenera kusungidwa ndi china, cha wodwala. Kumudzi anthu amadziwana. Dzina la munthu likatuluka kuti ali pa ma ARV iye asadakonzeke kuuza banja lake, ukwati utha kutha, wina atha kusiya mankhwala chifukwa cha manyazi, ndipo alipo amene amalumpha chipatala cha pafupi kupita cha kutali kuti asakumane ndi owadziwa. Lamulo nambala 19/2014 limateteza munthu amene ali ndi HIV ndipo limaletsa kuulula za iye popanda chilolezo chake. Ndime 71 ya Malamulo Aakulu a dziko imaika malire pa kugwiritsa nchito makompyuta posunga za moyo wa munthu payekha. Buku la pepala limakhala m'kabati, woliba ayenera kuthyola chitseko. Kaundula wa m'kompyuta atha kukopedwa yense m'kanthawi kochepa, munthu ali kutali, chitseko chili chotseka. Ngati amene ali ndi mau otsekulira ndi wanchito wa bungwe limene mawa lidzalongedza katundu, wodwala akadandaule kwa yani?

Nkhani imeneyi yakula chifukwa cha mapangano atsopano. Mu Disembala 2025 America ndi Mozambiki adasaina mgwirizano wa zaumoyo wa zaka zisanu, umene America ikuti itha kupereka ndalama zofika madola 1.8 biliyoni, pamene Boma lino lalonjeza kuonjezera gawo lake la ndalama za umoyo. Mapangano ofanana nawo adasainidwa ndi maiko ena a mu Africa. Ku Kenya, mwezi womwewo, bwalo lalikulu la milandu lidaimitsa kaye mbali ya mgwirizano yokhudza kugawana mbiri ya odwala, anthu atadandaula kuti chinsinsi chawo sichidatetezedwe. Wopereka ndalama ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama zake zagwira nchito yanji, ndipo manambala ophatikiza, onena kuti chigawo cha Tete chathandiza anthu mwakuti, ampatse. Koma dzina, mudzi ndi nambala ya foni ya wodwala si zake. Boma lifotokozere anthu, pa wailesi ndi m'zilankhulo zawo, kuti n'chiyani chimene chidzatuluka m'dziko ndi chimene sichidzatuluka.

Pali mbali ina imene anthu a m'malire amaidziwa kuposa akatswiri a ku Maputo. Pa msewu wa ku Dedza ndi ku Ntcheu malire ndi msewu womwewo: tsidya lino Mozambiki, tsidya ilo Malawi. Wa ku Calómuè kapena ku Biri-Biri akadwala amapita kumene kuli pafupi kapena kumene wamva kuti kuli mankhwala. Chimodzimodzi wa ku Milange ndi ku Muloza, wa ku Mandimba ndi ku Chiponde, wa ku Cassacatiza ndi ku Chanida. Amai ambiri ali ndi makadi awiri m'chikwama, la kuno ndi kabuku ka ku Malawi. Mwana atha kubaidwa katemera woyamba uku, wachiwiri uko. Bambo wa pa ma ARV akapita kukagwira ganyu ku esiteti miyezi inai natenga mankhwala kumeneko, makina a kuno amamlemba kuti wathawa mankhwala, pamene a uko amamlemba ngati watsopano. Munthu mmodzi, manambala awiri, onse abodza.

Matenda nawo sanyamula pasipoti. Mu Febuluwale 2022 kudalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo mu Meyi chaka chomwecho wina adapezeka ku Changara. Chaka chimenecho ana 8 a m'chigawo cha Tete adapezeka ndi nthendayi. Chidathandiza ndi chakuti maiko asanu, Malawi, Mozambiki, Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, adagwirizana podontheza katemera ndiponso pouzana zimene apeza, mpaka mu Meyi 2024 mliriwo udalengezedwa kuti watha. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 nayo idayenda mbali zonse ziwiri za malire. Maiko awiriwa amagwiritsa nchito DHIS2 yomweyo, kotero kuti makina azimvana si chinthu chosatheka. Koma palibe kampani kapena bungwe limene lingalamule kuti chipatala cha ku Ulónguè ndi cha ku Dedza ziziuzana za wodwala wosamuka, ndi kuika malamulo otetezera dzina lake. Imeneyi ndi nchito ya maboma awiri, ndipo Boma limene silidziwa bwino makina ake silingakhale pansi ndi mnansi kukambirana zowalumikiza.

Chinanso n'chakuti tabuleti siidya nsima, imadya magetsi ndi rede. Chigawo cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa lotulutsa mamegawati 2,075, koma zipatala zina za m'midzi zimadalira kasola kamodzi, ndipo namwino amakwera pa chulu kuti foni igwire. Kumalire nthawi zina foni imagwira netiweki ya ku Malawi m'malo mwa ya kuno. Kugula makina popanda kuganizira batire, ma unitsi ndi wokonza akafa, ndiko kumene kumadzaza makabati a m'zipatala ndi matabuleti akufa. Damu lomwelo lili ndi phunziro lake. Ufulu udabwera mu 1975, koma gawo lalikulu la Cahora Bassa lidakhalabe m'manja mwa Portugal mpaka pa 27 Novembala 2007, pamene Pulezidenti Armando Guebuza adalilandira ku Songo dziko litalipira madola 700 miliyoni. Padapita zaka 32. Mgwirizano wa zaumoyo wa mu Disembala 2025 ndi wa zaka zisanu zokha, ndipo pofika 2031 wina ayenera kudzakhala akulipira digitador wa ku Furancungo.

Anthu a kumudzi nawo ali ndi pakamwa. Pafupifupi chipatala chilichonse chili ndi komiti ya zaumoyo kapena komiti ya co-gestão, mmene mumakhala mafumu, atsogoleri a mipingo ndi oimira anthu. Pa msonkhano wotsatira, kupatula za ukhondo wa zimbudzi ndi za anamwino ochedwa, wina aimirire afunse mkulu wa chipatala kuti amene amalemba maina a odwala m'kompyuta amalipidwa ndi yani, pangano lake litha liti, ndipo akachoka adzalemba ndani. Afunsenso kuti ndi anthu angati amene atha kutsekula makinawo naona dzina la munthu. Mkulu wa chipatala akapanda yankho, funsolo lipite kwa mkulu wa zaumoyo wa distritu, ndipo Administrador akabwera kudzacheza ndi anthu alimvenso.

Pakali pano buku la namwino lisatayidwe chifukwa choti kwabwera tabuleti, ndipo khadi la pepala limene wodwala amapita nalo kunyumba lisungidwe m'pulasitiki, pamalo posafika chiswe ndi mvula. Mu Januwale ndi Febuluwale 2025, pamene olemba pa kompyuta adauzidwa kuti akhale kunyumba, khadi lomwelo ndi faelo ya m'kabati ndizo zidauza namwino mtundu wa mankhwala amene munthu akumwa. Amene akupita ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata kapena ku Joni kwa miyezi ingapo ayambe wadzera kuchipatala, auze namwino, atenge kalata yosamukira imene amati guia de transferência, ndipo apemphe mankhwala okwanira ulendo wake.